Vinyl wooneka ngati matabwa oyererako: zoyenera kudziwa musanayale m'nyumba

Munthu amene akuyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Kasungu, akangodutsa pa Jenda n'kulowa m'dera la Champhira m'boma la Mzimba, salephera kuona nyumba zamakono za malata amitundumitundu zimene zamera pakati pa minda ya chimanga ndi tomato. Zina zamangidwa ndi ndalama za ulimi ndi malonda, zinanso ndi thukuta la ana a m'bomali amene akugwira ntchito ku Joni. Makoma akakwera ndipo denga likafoleredwa, mwininyumba amatsala ndi funso limodzi limene limadya ndalama zambiri: kodi pansi tiikepo chiyani?

Kale yankho linali kuzira ndi dothi. Kenako kunabwera simenti wopaka polishi wofiira, pambuyo pake matailosi. Masiku ano ena ayamba kufunsa za vinyl wooneka ngati matabwa, makamaka wa mtundu woyererako amene amamuona m'nyumba ndi m'mashopu a ku Johannesburg kapena pa zithunzi za pa Facebook. Katunduyu ndi wokongola ndithu, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Akasankhidwa molakwika kapena kuyalidwa pamalo osakonzedwa bwino, amayamba kumatuka ndi kufufuma mvula isanagwe kawiri.

Kodi vinyl ameneyu n'chiyani?

Vinyl ndi choyala pansi chopangidwa ndi pulasitiki wotchedwa PVC, yemweyo amene amapangira mapaipi a madzi. Pulasitikiyu anayamba kugwira ntchito zambiri pamene katswiri wina wa ku America, Waldo Semon, anapeza njira yomufewetsera mu 1926. Zoyala pansi za vinyl zinaonetsedwa pa chionetsero cha ku Chicago mu 1933, ndipo zinafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Ambiri timadziwa kapeti ya pulasitiki yogulitsidwa pa mita, imene imakhala yopyapyala ndipo imang'ambika msanga pansi pa miyendo ya mipando. Vinyl amene tikukamba pano ndi wosiyana nayo. Amabwera m'makatoni ali zidutswa zazitali zooneka ngati matabwa, ndipo pa katoni pamalembedwa LVT kapena LVP. Chidutswa chilichonse chili ndi zigawo zosanjikizana: pansi pali chigawo chogwira simenti, pakati pali thupi lake, kenako pepala la pulasitiki losindikizidwa chithunzi cha thabwa, ndipo pamwamba pali khungu loonekera m'kati limene limateteza chithunzicho. Choncho chimene maso amaona ngati thabwa ndi chithunzi chabe. Khungu la pamwambalo likatha, chithunzi chimafufutika, ndipo simungapale ndi kupakanso vanishi monga mmene amachitira ndi thabwa lenileni la mlombwa.

Mitundu yake

Mtundu woyamba ndi womata ndi guluu. Umakhala wopyapyala, kawirikawiri mamilimita 2 mpaka 3, ndipo umagwira simenti mwamphamvu moti susuntha ngakhale m'chipinda chachikulu. Vuto lake n'lakuti umaonetsa kachilema kalikonse ka pansi: kamwala kakang'ono kapena mng'alu zimaonekera pamwamba pakapita miyezi.

Wachiwiri ndi wolumikiza, umene zidutswa zake zimakolana m'mphepete popanda guluu. Umakhala wa mamilimita 4 mpaka 6 kapena kuposa. Suvuta kuyala, ndipo ukhoza kuchotsedwa n'kukayalidwa kwina ngati mmisiri ali wosamala.

Pakati pa yolumikizayi pali wina wolembedwa SPC, umene thupi lake ndi losakaniza PVC ndi ufa wa miyala ya laimu. Umenewu ndi wouma, wolemera, ndipo sufutukuka kwambiri ukatenthedwa. Pa nyumba ya malata kumene masana kumatentha ndipo usiku kumazizira, SPC kapena womata ndi guluu wabwino ndiwo amene amapirira kuposa wolumikiza wofewa.

N'kofunikanso kusiyanitsa vinyl ndi laminate. Ziwirizi zimafanana maonekedwe, koma thupi la laminate ndi utuchi wa mitengo woumbidwa, ndipo likamwa madzi limatupa osabwereranso. Pogula, tembenuzani chidutswa muone m'mphepete: ngati m'kati mukuoneka ngati bolodi yofiirira ya utuchi, ameneyo si vinyl.

Ubwino ndi zovuta za mtundu woyererako

Pa makatoni, mitundu yoyererako imadziwika ndi mayina a mitengo ya kunja monga oak, ash, maple ndi birch. Kwa ife, mtundu wake ndi wofanana ndi thabwa la paini wa ku Chikangawa lopalidwa kumene.

Ubwino wake woyamba ndi kuwala. Pansi poyererako pamabweza kuwala kwa dzuwa ndi kwa magetsi, choncho chipinda chimaoneka chachikulu ndi chowala ngakhale mukugwiritsa ntchito mababu ang'onoang'ono a sola. Wachiwiri n'ngwakuti fumbi louma, nyenyeswa ndi tizipsera ting'onoting'ono sizionekera msanga monga mmene zimachitira pa mtundu woderako. Wachitatu, mtundu woyererako sumwa kutentha kwambiri pamene dzuwa likulowera pa zenera, ndipo ukazilala pang'ono sizidziwika kwambiri.

Koma matope ofiira a m'nyengo ya dzinja, polishi wa nsapato, mwaye ndi mizere yakuda ya mataya zimaonekera kwambiri pamenepo. Pa chifukwa chimenechi, kwa banja la ana ambiri kapena nyumba imene bwalo lake ndi ladothi, ndi nzeru kupewa mtundu woyera mbee. Sankhani wotuwirako pang'ono kapena wokhala ngati mchenga, umene uli ndi mizere ndi mfundo za thabwa zooneka bwino, chifukwa zimabisa litsiro. Pewaninso wokumbika mizere yakuya, pakuti m'mizeremo mumakhazikika fumbi limene chikolopa sichifika. Wosanyezimira ndiye amabisa zipsera kuposa wonyezimira.

Musasankhe mtundu pa chithunzi cha pa foni. Pemphani kachidutswa, mukakaike m'chipinda chenichenicho, mukaone m'mawa, masana ndi usiku. Mababu oyera kwambiri amachititsa thabwa loyererako kuoneka lotuwa, pamene achikasu amalisandutsa lofiirira. Kayeseninso pafupi ndi penti wa khoma, makatani ndi mipando yanu.

Manambala a pa katoni

Nambala yofunika koposa si kunenepa kwa chidutswa chonse ayi, koma kwa khungu la pamwamba lija. Khungu la mamilimita 0.2 limayenera chipinda chogona mmene simuyenda anthu ambiri. La 0.3 ndi lokwanira nyumba wamba. La 0.5 kapena 0.55 ndi limene limaikidwa m'maofesi ndi m'mashopu, ndipo ndi loyenera pa balaza kapena m'kolido ya nyumba imene mumalowa anthu ambiri ndi mchenga ku mapazi. Katundu wopangidwira msika wa ku America amalemba muyeso wa mil: 12 mil ndi pafupifupi mamilimita 0.3, pamene 20 mil ndi pafupifupi 0.5. Musasokoneze mil ndi milimita.

Palinso nambala ya gulu la ntchito, yochokera pa muyeso wa ISO 10874. Manambala 21, 22 ndi 23 ndi a m'nyumba zokhalamo, ndipo 23 ndiye wopirira kwambiri. Manambala 31 mpaka 34 ndi a malo a malonda. Amene akumanga malo ogona alendo pa Mzimba boma kapena shopu pa Jenda asatsike pa 33. Chilembo cha R chimasonyeza za kuterera: R10 amagwira phazi kuposa R9, ndipo ndi amene akufunika m'khitchini kapena m'nyumba mmene muli agogo.

Onaninso nambala ya gulu limene katunduyo anapangidwira limodzi ku fakitale. Makatoni a dzina limodzi koma a magulu osiyana amatha kusiyana mtundu pang'ono, ndipo pa thabwa loyererako kusiyanako kumaonekera. Katoni yopanda dzina la kampani, manambala amenewa ndi malangizo a kayalidwe ndi yofunika kuikayikira.

Mdani wamkulu ndi chinyezi

Ogulitsa amakonda kunena kuti vinyl salowa madzi. Zimenezi n'zoona pa madzi otayikira pamwamba. Koma chinyezi chochokera pansi pa simenti ndi nkhani ina. Vinyl amachitsekera, ndipo chimasungunula guluu, kubweretsa nkhungu ndi fungo la chuku. Ambiri amene amadandaula kuti anagula katundu wachinyengo amakhala kuti vuto linali pansi pa nyumba.

Chitetezo chenicheni chimayambira pa maziko, pamene mmisiri amayala pepala lochindikala la pulasitiki, la mamaikironi 250, asanathire konkire. Nyumba zambiri zomangidwa pang'onopang'ono zimadumpha gawo limeneli pofuna kupulumutsa ndalama. Ngati nyumba yanu ilibe pepalali, makamaka ngati ili kufupi ndi dambo, pafunika kupaka mankhwala otchinga chinyezi pamwamba pa simenti musanayale chilichonse, apo ayi sankhani matailosi.

Simenti watsopano amafunanso nthawi. Masiku 28 amene amisiri amatchula ndi oti konkire alimbe, osati aume. Amisiri a zoyala pansi amawerengera tsiku limodzi pa milimita imodzi iliyonse ya simenti wosalazira pamwamba, ndipo konkire wochindikala amatenga miyezi ingapo. Kuyesa koyambirira mungachite nokha: dulani pepala la pulasitiki la masentimita 45 mbali zonse, limateni pansi ndi tepi mozungulira, ndipo mulisiye tsiku lathunthu. Mukapeza thukuta kunsi kwake kapena simenti atada, pansipo sipanaume. Yesani malo angapo, makamaka m'makona ndi m'mbali mwa khoma la bafa. Kumbukirani kuti pansi pouma mu Okutobala pakhoza kunyowa mu Febuluwale, choncho nyumba imene yaona kale dzinja limodzi imakuuzani zoona kuposa yatsopano.

Chachiwiri ndi kusalala. Gonekani chitsulo chowongoka cha mamita awiri pansi. Mpata wa kunsi kwake usapitirire mamilimita atatu. Pokwera pafunika kupala, potsika kudzaza ndi simenti wapadera wosalazira. Ngati pansi panali popakidwa polishi, phula lonselo liyenera kuchotsedwa, chifukwa guluu sagwira pa phula. Ming'alu itsekedwe, pakuti ndi mmene chiswe chimadzera. Chiswe sichidya vinyl, koma chimayenda kunsi kwake kukafika pa timatabwa ta m'mphepete mwa khoma ndi mafelemu a zitseko.

Nyengo ya ku Mzimba ndi nyumba zotsekedwa

Dera la Champhira ndi Mzimba boma lili pamalo okwera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Pamenepa vinyl amaposa matailosi ndi simenti, chifukwa sazizira kwambiri ku mapazi, ndipo mwana wokwawa kapena munthu wamkulu akagwa sapweteka ngati pa tailosi.

Komabe pulasitiki amafutukuka kukatentha ndi kukhwinyata kukazizira. Makampani ambiri amalangiza kuyala pamene kutentha kwa m'chipinda kuli pakati pa madigiri 18 ndi 27, komanso kusiya makatoni atagona chafufumimba m'chipindacho kwa maola 48 kuti azolowere. M'nyengo yozizira, ntchito iyambe dzuwa litakwera. Pa mtundu wolumikiza, pasiyidwe kampata ka mamilimita osachepera asanu m'mphepete mwa khoma, malingana ndi malangizo a pa katoni, ndipo kampatako kamabisidwa ndi kathabwa ka m'mphepete. Popanda kampata kameneka, mu Okutobala pansi pamatukumuka ngati chulu.

Pali nkhani ina yokhudza makamaka boma lino. Nyumba zina za anthu a ku Joni zimakhala zokhoma miyezi yambiri, eni ake n'kumabwera pa Khirisimasi pokha. M'nyumba yotsekedwa ya malata, makamaka yopanda siling'i, kutentha kumaunjikana. Dzuwa limawomba malo amodzimodzi pa zenera tsiku ndi tsiku. Ndipo denga likadontha palibe woona. Ngati nyumba yanu ili yotere, malizani kaye siling'i, ikani makatani, ndipo pakhale wachibale wotsegula mazenera kawirikawiri. Kuyala pansi kukhale ntchito yomaliza, penti ndi mawaya a magetsi zitatha.

Kuwerengera ndalama

Vinyl amagulitsidwa pa sikweya mita kapena pa katoni. Chulukitsani mulitali ndi mulifupi mwa chipinda chilichonse, ndipo muonjezerepo 10 pa 100 aliwonse chifukwa cha zodula ndi zowonongeka. Mwachitsanzo, balaza la mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi ndi masikweya mita 20. Mukaonjezera gawo lija akwana 22. Ngati katoni imodzi ikukwanira masikweya mita 2.2, mufunika makatoni 10. Mukafuna kayalidwe kokhotakhota kooneka ngati minga ya nsomba, onjezerani 15 pa 100. Gulani katoni imodzi yapadera yosunga, chifukwa mtundu umene mwagula chaka chino mwina sudzapezeka chaka chamawa.

Mtengo wa pa katoni si mtengo wonse. Werengerani guluu, simenti wosalazira, mankhwala otchinga chinyezi, timatabwa ta m'mphepete, tizitsulo ta pa zitseko, mayendedwe ndi malipiro a mmisiri. Nthawi zina kukonza pansi kumadya ndalama zofanana ndi za vinyl yemweyo. Popeza katunduyu amachokera kunja, mtengo wake umatsata mphamvu ya kwacha, monga mmene zinaonekera pamene ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Choncho funsani kuti mtengo umene mwauzidwa ukhala masiku angati, ndipo gulani zonse nthawi imodzi.

Kugula ndi kunyamula

Okhala kummwera kwa Mzimba ali pakati pa Mzuzu ndi Lilongwe, kumene kuli mashopu akuluakulu a zipangizo zomangira. Ena amagula ku South Africa n'kutumiza pa mathiraki. Njira iliyonse imene mwasankha, makatoni agone chafufumimba ndipo asaponyedwe, chifukwa mano olumikizira a m'mphepete amathyoka msanga. Makatoni a SPC ndi olemera, choncho mtengo wa mayendedwe ndi msonkho wa pa chipata cholowera m'dziko ziwerengedwe musanaganize kuti kugula kunja n'kotchipa.

Amene akutumiza ndalama kuti wachibale akagule, apemphe chithunzi cha katoni choonetsa manambala onse aja, komanso lisiti yolembedwa dzina la katundu. Lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo ndizo umboni wanu ngati mutafuna kudandaula kwa wogulitsa kapena ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula. Werengani chitsimikizocho bwino: zaka zambiri zimene zimalembedwa pa katoni sizikhudza zowonongeka chifukwa cha chinyezi, dzuwa, moto kapena kuyala molakwika.

Za mmisiri, safunsa anadya phula. Kudziwa kuika matailosi si kudziwa kuyala vinyl. Pemphani kukaona ntchito imene anagwira chaka chapitacho, osati ya sabata yatha. Mmisiri wodziwa amayamba ndi kuyesa chinyezi ndi kusalala, amasakaniza zidutswa za m'makatoni angapo kuti chithunzi chisamabwerezeke pamalo amodzi, amasiyanitsa malumikiziro a mizere yoyandikana, ndipo amagwiritsa ntchito guluu wa vinyl, osati aliyense wopezeka pa msika.

Kukhala naye m'nyumba

Moyo wa m'nyumba zathu uli ndi zinthu zimene malangizo a ku Ulaya satchula. Choyamba ndi mbaula. Khala limodzi lamoto limaboola vinyl nthawi yomweyo, ndipo ngakhale kutentha kwa kunsi kwa mbaula, ayironi ya makala kapena poto wochoka pamoto kumasiya chipsera chosachoka. Banja limene limaotha moto pa balaza m'nyengo yozizira lisiye malo ena a matailosi kapena simenti. Ndipotu mbaula m'chipinda chotseka ndi yoopsa pa moyo, chifukwa mpweya wa makala umapha.

Chachiwiri ndi labala. Mataya a njinga yakapalasa kapena yamoto akakhala nthawi yaitali pa vinyl amasiya banga lachikasu kapena lofiirira limene silichoka, ndipo pa mtundu woyererako limaonekera patali. Chimodzimodzi zopondera pakhomo zokhala ndi labala kunsi. Ngati njinga imagona m'nyumba poopa akuba, ikani thabwa kapena katoni kunsi kwake.

Chachitatu ndi mchenga ndi katundu wolemera. Mchenga umapala khungu la pamwamba pang'onopang'ono, choncho ikani chopondera panja ndi m'kati mwa khomo, ndipo sesani ndi tsache lofewa tsiku lililonse. Matumba a chimanga ndi feteleza asakokedwe pansi, ndipo chipinda chosungira zokolola chikhale cha simenti. Miyendo ya mipando ndi mabedi ivekedwe tinsalu tofewa.

Pokolopa, finyani chikolopa ndipo gwiritsani ntchito sopo wochepa wamadzi. Musathire madzi ndi ndowa. Polishi wa phula, palafini, sitiliwulu ndi ufa wokwechera mapoto n'zosafunika: zina zimatereretsa, zina zimawononga khungu lija.

Zaumoyo ndi chilengedwe

Vinyl watsopano ndi guluu wake zimatulutsa fungo la mankhwala, choncho tsegulani mazenera kwa masiku angapo ana asanayambe kugonamo. Chizindikiro cha FloorScore pa katoni chimasonyeza kuti katunduyo anayesedwa za mpweya umene amatulutsa, ndipo ena amalemba kuti mulibe mankhwala ofewetsera a phthalate, amene mayiko a ku Ulaya anachepetsa ena mwa iwo. Zidutswa zotsala zisatenthedwe kudzala kapena kukolezera moto, chifukwa utsi wa PVC ndi wapoizoni. Amene akukonzanso nyumba yakale imene ili ndi timatailosi ta pulasitiki toikidwa zaka za m'ma 1960 ndi 1970 asatipale kapena kutiphwanya mwachisawawa, pakuti tina tinkapangidwa ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo.

Kumene akuyenera ndi kumene sakuyenera

Vinyl woyererako amayenera bwino zipinda zogona, balaza ndi kolido za nyumba youma, ya siling'i, imene bwalo lake ndi lokonzedwa. Sayenera pakhonde pamene pamawomba dzuwa ndi mvula, m'khitchini ya nkhuni kapena makala, m'bafa losambira ndi ndowa, ngakhalenso m'nyumba imene pansi pake pamatuluka thukuta m'dzinja. M'malo amenewa matailosi, amene aliponso ooneka ngati matabwa, amakhala nthawi yaitali, ndipo simenti wosalazidwa bwino akadali njira yotchipa ndi yolimba. Palibe cholakwika kusakaniza: vinyl ku zipinda zogona kumene mapazi amafuna kufunda, matailosi kumene kumafika madzi ndi moto.

Amene ndalama zake sizikukwanira zonse nthawi imodzi ayambe ndi zimene sizioneka: pepala la pansi pa konkire, denga losadontha ndi simenti wosalala. Zimenezi zikakhala m'malo mwake, vinyl akhoza kudikira chaka china, ndipo akadzayalidwa adzakhalitsa.